Mafunso amene ndinkabwereza ndi dzina limene linasowa: nkhani ya wophunzira mmodzi wa Fomu 4

Lipoti ili likufotokoza zimene zinachitikira mtsikana wina wa Fomu 4 amene ndinkamuphunzitsa Biology pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, pa nthawi imene tinkakonzekera mayeso a MSCE. Sinditchula dzina lake kapena la sukuluyo. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikukhulupirira kuti njira imene ndinamukonzekeretsera mayeso, yomwe aphunzitsi ambiri timaigwiritsa ntchito mosaikayikira, ndiyo inamuiwalitsa zinthu zimene ankazidziwa bwino, ndipo ndikufuna kuti anzanga pantchitoyi aone mmene zinayendera kuchokera pachiyambi.

Wophunzirayo ndi mmene tinkabwerezera

Mtsikanayu sanali wofooka m'kalasi. Ankalemba manotsi aukhondo, ankafunsa akapanda kumvetsa, ndipo popeza kwawo kunalibe magetsi, ankatsalira pasukulu tikaweruka kuti awerenge dzuwa lisanalowe. Pamene tinkamaliza mutu wa kagayidwe ka chakudya m'thupi, iye anali mmodzi mwa ana ochepa amene ankatha kutchula ma enzyme (zinthu zimene thupi limapanga zothandiza kugaya chakudya) onse 6 amene tinaphunzira osasuzumira m'kope, n'kunenanso kumene enzyme iliyonse imagwirira ntchito. Ankadziwa kuti amylase ya m'malovu imayamba kuphwanya sitachi m'kamwa n'kuisandutsa shuga wotchedwa maltose, kuti pepsin imagaya zakudya zomanga thupi m'chifu momwe muli asidi, kuti trypsin ndi lipase zimachokera m'kapamba, chiwalo chimene mabuku a Biology amachitcha pancreas, ndipo zimagwira ntchito kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, trypsin ikupitiriza kugaya zomanga thupi pamene lipase ikuphwanya mafuta, komanso kuti maltase ndi sucrase zimamalizitsa ntchito ya shuga m'matumbo aang'ono momwemo. Sindikunena izi mongoganizira, pakuti pepala lake la mayeso a kumapeto kwa mutuwo ndinalisunga, ndipo mayina onse 6 alimo.

Patatsala miyezi yochepa kuti mayeso afike, ndinasonkhanitsa kagulu ka ana asanu amene ndinkaona kuti angakhoze bwino atathandizidwa, ndipo tinkakumana masana. Nthawi inali yochepa pomwe mitu inali yambiri, choncho ndinachita zimene ndinkachita chaka ndi chaka. Ndinatenga mapepala a mayeso akale amene anali m'kabati yanga n'kusankhamo mafunso amene ndinkaona kuti akubwera kawirikawiri. Pa mutu wa kagayidwe ka chakudya, mapepala ochepa amene ndinali nawowo anandikokera ku amylase, pepsin ndi lipase, ndipo ndinakhazikika pa zitatuzi. Sindinauze ana kuti trypsin, maltase ndi sucrase n'zosafunika. Ndinangosiya kuzifunsa.

Kafunsidwe kanga ndiyenera kukafotokoza bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhaniyi. Ndinkafunsa monga timachitira ambirife, kuyamba chiganizo n'kuchisiya panjira kuti ana amalizitse. Ndinkati, “Enzyme yogaya zomanga thupi ndi pe...”, iye n'kuyankha kuti pepsin. Ndinkati, “Yophwanya mafuta ndi li...”, iye n'kuti lipase. Tinachita zimenezi pafupifupi masabata atatu, nthawi iliyonse tikakumana, ndipo popeza mtsikanayu ndiye anali wachangu pa onse, mayankho ambiri ankachokera kwa iye pamene anzake anayi aja ankamvetsera n'kumavomereza ndi mutu. Mutu wa magazi, umene tinauphunzira m'nyengo yofanana ndi uja, sitinaukhudze n'komwe, chifukwa ndinali nditausungira masabata akutsogolo.

Zimene zinaoneka pa mayeso a mock

Pa mayeso a mock panabwera funso lofuna kuti wophunzira atchule ma enzyme opezeka m'madzi ochokera m'kapamba pamodzi ndi chakudya chimene amagaya. Mtsikanayu analemba lipase molondola. Analembanso amylase, ndipo anakhoza, chifukwa kapamba nayenso amatulutsa amylase yakeyake. Koma pa mzere wa zomanga thupi analemba pepsin n'kufufuta, kulembanso pepsin n'kufufutanso, kenako n'kusiya malowo opanda kanthu. Funso lotsatira linkafuna dzina la enzyme imene imasandutsa maltose kukhala glucose, ndipo nalonso analidumpha. Pa tsamba lina panali funso la magazi, mutu umene sitinaubwereze ngakhale tsiku limodzi, ndipo pamenepo anatchula plasma, maselo ofiira, maselo oyera ndi ma platelet, chilichonse ndi ntchito yake, osaphonya ngakhale chimodzi.

Ichi ndi chimene chinandiimitsa mutu ndikuchonga. Mutu umene tinausiya kwa miyezi unali bwinobwino, pamene mbali ina ya mutu umene tinkaubwereza pafupifupi tsiku ndi tsiku inali itasowa. Ndikanayembekezera kuti ngati pali chimene angaiwale, chikhale cha magazi.

Nditamubwezera pepala ndinamuitana n'kumufunsa mofatsa chimene chinachitika. Anati, “Aphunzitsi, dzinalo ndikulidziwa, ndipo ndikukumbukira kuti lili chakumanja kwa tsamba m'kope mwanga, koma ndikati ndilitchule kukumangobwera pepsin.” Ndinalemba trypsin pabolodi osanena kanthu. Anagwira pakamwa, ndipo nthawi yomweyo ananena kumene imachokera, kumene imagwirira ntchito ndi chimene imagaya. Choncho chidziwitsocho chinali chisanafufutike. Chimene chinatsekeka ndi njira yochifikira.

Ndinayamba ndaganizira zifukwa zimene tonse timathamangirako. Mantha a mayeso akanasokoneza pepala lonse, koma pepala lake linali laukhondo kupatula pamalo awiriwo. Sanadwale sabata imeneyo, ndipo ulesi sunkagwirizana ndi mwana amene ankatsalira pasukulu kuti awerenge. Kuiwala kwake kunali kosankha, ndipo kunasankha ndendende zinthu zimene zinali pagulu limodzi ndi zomwe ndinkamufunsa, koma zimene ineyo sindinkazifunsa.

Zimene ofufuza anapeza

Vuto lotere lili ndi dzina. Mu 1994, Michael Anderson, Robert Bjork ndi Elizabeth Bjork a ku University of California ku Los Angeles anafalitsa kafukufuku amene anasonyeza kuti kukumbukira chinthu china kungachititse munthu kuiwala chinzake chapafupi, ndipo m'Chingerezi vutoli limatchedwa retrieval-induced forgetting, kutanthauza kuiwala kobwera chifukwa cha kukumbukira. Anapatsa anthu mawu oti aphunzire, m'magulu 8 a mawu 6 gulu lililonse, ndipo liwu lililonse linkabwera limodzi ndi dzina la gulu lake, monga chipatso ndi lalanje, chipatso ndi nthochi. Kenako anasankha theka la maguluwo, ndipo m'gulu lililonse losankhidwalo anatengamo theka la mawu n'kumawafunsa katatu, powaonetsa dzina la gulu ndi zilembo ziwiri zoyambirira za liwulo kuti munthu amalizitse yekha. Patapita mphindi 20, anawafunsa mawu onse. Mawu amene anabwerezedwa anakumbukiridwa bwino kwambiri, monga aliyense angayembekezere. Chodabwitsa chinali chakuti mawu osabwerezedwa a m'magulu amene anakhudzidwa aja anakumbukiridwa moipa kuposa mawu a m'magulu amene sanakhudzidwe n'komwe.

Nditawerenga zimenezi ndinaona kuti ndinachita kafukufuku yemweyo m'kalasi mwanga mosadziwa. Amylase, pepsin ndi lipase anali mawu obwerezedwa. Trypsin, maltase ndi sucrase anali anzawo osiyidwa a gulu lomwelo. Magazi anali gulu losakhudzidwa. Ngakhale kafunsidwe kanga koyamba liwu n'kulisiya panjira kanali kofanana ndi kawo ka zilembo ziwiri.

Pali mfundo ina ya m'kafukufuku wa 1994 imene inandikhudza kuposa zonse. Mawu amene anavulala kwambiri sanali achilendo kapena osowa, koma odziwika bwino, amene amabwera msanga m'maganizo munthu akamva dzina la gulu. Anderson ndi anzake anafotokoza kuti munthu akamva funso, mayankho angapo amadzuka nthawi imodzi n'kuyamba kulimbirana, ndipo kuti yankho lofunikalo lituluke, ubongo umapondereza mayankho ena amene akusokoneza. Yankho limene likusokoneza mwamphamvu ndi limene limaponderezedwa mwamphamvunso. Nthawi iliyonse ndikati “enzyme yogaya zomanga thupi”, mwa mwana amene ankadziwa bwino mutuwu munkadzuka mayina awiri, pepsin ndi trypsin, ndipo ndikangowonjezera kuti “pe...”, trypsin inkayenera kukankhidwira pansi. Ndinamuchititsa zimenezi kwa masabata atatu. Mwana amene sankadziwa trypsin n'komwe analibe choti apondereze, choncho kudziwa kwake bwino ndi kumene kunamuika pangozi.

Si akatswiri onse amene amavomereza kuti pali kupondereza kwenikweni. Jeroen Raaijmakers ndi Emőke Jakab a ku Amsterdam ndi ena mwa amene amati chimene chimachitika n'chakuti liwu lobwerezedwalo limangokhala lamphamvu kwambiri moti limatsekereza anzake pakhomo, popanda anzakewo kufooketsedwa. Mawu a mtsikana uja, akuti kukumangobwera pepsin, akugwirizana bwino ndi maganizo amenewa. Komabe mbali ya kupondereza ili ndi umboni wake. Mu 2000, Anderson ndi a Bjork awiri aja anapeza kuti kungoonanso mawu mobwerezabwereza, popanda kuyesetsa kuwakumbukira, sikunaiwalitse anzawo mofanana, ngakhale kuti mawu oonedwawo analimba. Mu 2015, Maria Wimber ndi anzake, kuphatikizapo Anderson, anagwiritsa ntchito makina ojambula mmene ubongo ukugwirira ntchito ku Cambridge, ndipo anaona kuti munthu akamakumbukira mobwerezabwereza chithunzi chimodzi mwa ziwiri zimene anaziphunzira ndi liwu limodzi, chizindikiro cha chithunzi chinacho mu ubongo chinkacheperachepera. Ine monga mphunzitsi sindikufunika kugamula mkanganowu, chifukwa mbali zonse ziwiri zikundiuza chinthu chimodzi: kufunsa theka la gulu mobwerezabwereza kumavulaza theka linalo.

Chinanso chimene chinandibwezera ku mulu wa mapepala a mock ndi kafukufuku wa Alexandru Cuc, Jonathan Koppel ndi William Hirst wa mu 2007. Iwo anapeza kuti womvetsera naye amaiwala zimene wolankhula wazisiya, makamaka ngati akumvetsera mosamala kuti aone ngati mnzakeyo akunena zoona, chifukwa potero amakhala akukumbukira limodzi naye chamumtima. Nditayang'ana mapepala a ana anayi amene ankangomvetsera aja, ndinapeza kuti ena mwa iwo nawonso anasowa trypsin pa funso lomwelo. Sindinganene motsimikiza kuti chifukwa chake n'chomwecho, popeza ndinalibe umboni wakuti onsewo ankaidziwa bwino poyamba, koma zinandichititsa kuona magulu owerengera limodzi mwanjira ina. Mwana mmodzi wachangu akamayankha mafunso osankhidwa, gulu lonse likhoza kuiwala zinthu zofanana.

Zimene ndinasintha

Sindinasiye kufunsa mafunso, ndipo ndikupempha kuti wina asamve lipoti ili ngati likunena zimenezo. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza mu 2006 kuti kudziyesa pokumbukira zimene wawerenga kumasunga chidziwitso nthawi yaitali kuposa kungowerenganso, ndipo pepsin ndi lipase za mtsikanayu zinalimba chifukwa chomwecho. Cholakwika chinali pa kusankha kwanga.

Choyamba chimene ndinasintha chinali chophweka. Tisanayambe kubwereza mutu uliwonse, mwana aliyense ankatenga pepala lopanda kanthu n'kulemba yekha zonse za m'gululo, makope atatsekedwa, ine osapereka chilembo choyambirira kapena chithandizo chilichonse. Kenako tinkatsegula makope n'kuona zimene zasowa, ndipo zosowazo ndi zimene tinkayamba nazo. Motero palibe dzina limene linkatha masabata osaitanidwa.

Chachiwiri ndi chimene ndikuchiona kuti chinali chofunika kwambiri. Mu 1999, Anderson ndi Kathleen McCulloch anapeza kuti anthu akauzidwa kuti aganizire mmene mawu a gulu limodzi akugwirizanirana okhaokha, kuiwala kuja kumachepa kwambiri. Zikuoneka kuti zinthu zikalumikizana, kukumbukira chimodzi kumakoka chinzake m'malo mochikankha. Jason Chan, Kathleen McDermott ndi Roediger anapezanso mu 2006 kuti ophunzira akawerenga nkhani yolumikizana bwino n'kufunsidwa mbali ina yake, tsiku lotsatira ankakumbukira bwino ngakhale mfundo zogwirizana nazo zimene sanafunsidwe. Ine ndinali nditaphunzitsa ma enzyme ngati mndandanda wa mayina 6 opachikidwa pa msomali umodzi, dzina lililonse palokha, ndipo mayina otero sangachitire mwina koma kulimbirana.

Choncho ndinasiya mndandanda n'kutenga mbale ya chakudya. Ndinauza ana kuti aganizire munthu amene wadya nsima, usipa ndi masamba otendera, kenako n'kutafuna nzimbe, ndipo mwana aliyense afotokoze ulendo wa chakudyacho kuchokera pakamwa. Nsima ikalowa m'kamwa imakumana ndi amylase ya m'malovu, koma ntchitoyo imaima ikafika m'chifu chifukwa cha asidi, mpaka amylase ya m'kapamba idzaipitirize kutsogolo, ndipo maltose imene yapangidwayo singalowe m'magazi maltase isanaisandutse glucose. Usipa umadutsa m'kamwa osagayidwa ndi enzyme iliyonse, kupatula kutafunidwa, ndipo umayamba kugayidwa ndi pepsin m'chifu, koma pepsin imasiya kugwira ntchito chakudya chikachoka m'malo a asidi, ndipo pamenepo trypsin ndiyo imalandira. Mafuta a mu nsinjiro amadikira mpaka ku matumbo aang'ono, kumene ndulu yochokera m'chiwindi, yomwe si enzyme, imawamwaza kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti lipase igwire bwino ntchito. Shuga wa mu nzimbe amadikira sucrase, imene imamugawa kukhala glucose ndi fructose.

Pa pepsin ndi trypsin ndinakhalapo nthawi yaitali mwadala. Ndinasiya kufunsa kuti enzyme yogaya zomanga thupi ndi iti, chifukwa funso limenelo lili ndi mayankho oposa limodzi pamene ine ndinkavomereza limodzi lokha. M'malo mwake ndinkafunsa kuti, “Usipa uja wachoka m'chifu, ndani akuulandira, ndipo n'chifukwa chiyani amene anauyamba sangapitirize?” Poyankha funso lotere mwana sangatchule trypsin osadutsa pa pepsin, ndipo sangamalize za pepsin osafika pa trypsin. Mayina awiri amene ankalimbirana malo amodzi anakhala ngati anthu awiri opatsirana katundu panjira.

Mtsikanayu anabwezeretsa mayina atatu amene ndinasiya kuwafunsa aja mwamsanga, pa kukumana kumodzi kokha, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi zimene Benjamin Storm ndi a Bjork anapeza mu 2008, zakuti zinthu zoiwalika mwanjira imeneyi zimaphunziridwanso mofulumira. Patapita masabata awiri ndinamupatsa pepala lopanda kanthu osamuchenjeza, ndipo analemba ma enzyme onse 6 motsatira ulendo wa chakudya, osati motsatira mndandanda wa m'kope. Atafika pa trypsin sanaime n'komwe.

Malire a nkhaniyi

Iyi ndi nkhani ya mwana mmodzi, ndipo ndine amene ndinaphunzitsa, kufunsa ndi kuchonga, choncho sindikuitcha umboni wa sayansi. N'kutheka kuti mutu wa magazi unali wophweka kwa iye kuposa wa ma enzyme. N'kuthekanso kuti kufanana kwa mayina a pepsin ndi trypsin, omwe amathera mofanana ndipo ndi a chilankhulo chimene mwanayu sachilankhula kunyumba, kunawonjezera chisokonezo, ngakhale kuti zimenezi sizikufotokoza kusowa kwa maltase. Pali funso la nthawinso. Malcolm MacLeod ndi Neil Macrae anapeza mu 2001 kuti pakadutsa maola 24 pakati pa kubwereza ndi mayeso, kuiwalako kunali kutatha, ngakhale kuti kafukufuku wina wapambuyo pake anapeza kuti nthawi zina kumakhalitsa kuposa pamenepo. Ife tinabwereza mpaka madzulo a tsiku loti mawa lake ndi mock, ndipo tinali titachita zimenezo kwa masabata atatu, koma sindingakane kuti mwina trypsin ikanabwerera yokha ndikanangosiya kumufunsa za pepsin. Ngati ndi choncho, ndiye kuti chizolowezi chathu chopanikiza ana ndi mafunso osankhidwa pa tsiku lomaliza ndi choopsa kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa chimaika kuiwalako pa nthawi yeniyeni imene mwana akulowa m'chipinda cha mayeso.

Zotsatira zake za MSCE sindikuziika muno, chifukwa giredi imodzi ya Biology imene MANEB imatulutsa singationetse ngati dzina limodzi linabwera kapena ayi.

Vuto limene sindinalithetse ndi la nthawi. Kulondola mbale ya nsima kuchokera pakamwa mpaka m'matumbo ndi mwana aliyense kunatenga masana awiri athunthu, pamene kale mutu womwewo ndinkaumaliza m'mphindi zochepa ndi mafunso atatu, ndipo silabasi sinachepe chifukwa choti ine ndasintha njira. Nditabwerera ku zolemba zanga ndinapeza kuti mitu ina iwiri, wa mahomoni ndi wa impso, ndinaibwereza ndi kagulu komweko mwa njira yakale ija, kufunsa insulin mobwerezabwereza n'kusiya glucagon, imene imachokera m'kapamba momwemo ndipo imagwira ntchito pa shuga yemweyo wa m'magazi. Mitu iwiriyi sindinathe kuikonzanso mayeso asanafike, ndipo ndi imene ndayamba nayo ndi kalasi ya chaka chino.